Mapiritsi Pansi pa Nkhwani

Ndikukumbukira kulemera kwa dengu limene ndinkasenza pamutu chaka chimene ndinatha msinkhu. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Dengulo linkadzaza nkhwani wowazidwa madzi kuti asafote, ndipo madziwo ankadontha n'kutsikira m'khosi mwanga mpaka kumsana. Mpaka lero ndikamasadzula nkhwani kukhitchini, fungo lake limandibwezera pamsewu wa ku Area 10, ndili pambuyo pa amayi anga.

Tinkakhala kuseri kwa masitolo ku Area 2, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Bambo anga, a Mwale, anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya nsalu, pomwe anthu ankadutsa tsiku lonse ngati nyerere. Amayi anga, Nambewe, ankagulitsa masamba mumsika. Mpopi wa madzi tinkagawana ndi banja la Chisilamu la Abiti Saidi, amene amuna awo ankakhoma zidebe ndi mbaula. Phokoso la nyundo pa malata ndilo linkatidzutsa, ndipo kuitana kwa kumzikiti ndiko kunkatiuza kuti dzuwa lafika pati.

Amayi anali atabereka ana asanu ndi atatu, koma amoyo tinali anayi. Pathupi pachisanu ndi chitatupo mpomwe panawagwetsa. Mwana anabadwa atamwalira kale, ndipo iwo anataya magazi ambiri kotero kuti pamene ndinawaona pabedi la kuchipatala, milomo yawo inali yotuwa ngati phulusa. Agogo anali kutali kumudzi, choncho amene anakhala nawo kuchipatala monga wowayang'anira anali a Nankhoma, mlangizi wa amayi ndi atsikana kumpingo kwathu. Anali mayi wojintcha, wa mawu okoma poyimba, wodziwa kupemphera mpaka anthu kulira. Ankagona pansi pa bedi la amayi pa chitenje chawo. Ankawasambitsa, kuwamwetsa phala, kuwachapira nsalu za magazi ndi manja awo. Ndikufuna mudziwe zimenezi kuyambira pano, chifukwa zinali zoona, ndipo n'zimene zimachititsa kuti zotsatira zake ziwawe.

Ine ndinkabweretsa chakudya masana. Ndi mmene ndinawaonera koyamba adokotala amene ankathandiza amayi.

Dzina lawo sindilemba pano. Amene anawadziwa awazindikira. Amayi a m'wodi ankangowatchula kuti Amalume. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndiye amene amaima mlongo wake kapena mdzukulu wake akazunzika ku ukwati, ndipo amayiwo ankati munthu uyu amatiimira chimodzimodzi. Anali wamfupi, wa magalasi okhuthala, woyenda mofulumira ngati wachedwa basi. Madokotala achikuda a matenda a amayi masiku amenewo anali osowa kwambiri, ndipo ambiri mwa ophunzira ankayankhula nafe kudzera mwa anamwino. Iwo ayi. Ankakoka kampando, kukhala pafupi ndi bedi, n'kufunsa m'Chichewa cha kumudzi kuti, "Mayi, mwadzuka bwanji? Nanga kwanu anakusiyani ndi ndani?"

Tsiku lotulutsa amayi anaitanitsa bambo. Anayankhulira pakhonde la wodi, ine nditakhala chapatali ndi mtolo wa zovala, ndipo a Nankhoma anali mkati kumanga katundu.

"Achimwene," anatero adokotala, "akazi anu ndawabweza ali pakhomo pa manda. Inu ndinu atelala. Mukudziwa nsalu yosokedwa kambirimbiri pamalo amodzi, kuti pamafika poti singano ikangolowa, nsalu imang'ambika. Chiberekero cha mayiwa chafika pamenepo. Akaimanso, sindikulonjeza kuti ndidzawabweza."

Bambo anayang'ana pansi, akuzunguza chipewa m'manja. "Nanga titani, adokotala? Ndine munthu ine."

"N'chifukwa chake ndikuyankhula nanu ngati munthu. Njira ilipo. Koma siichokera pazenera la mankhwala la pano."

Achinyamata a lero sangamvetse mawu amenewo. Nthawi imeneyo, ya chipani chimodzi, kulera kunali koletsedwa. Ankati dziko ndi lalikulu, likufuna anthu, ndipo mapiritsi ndi nzeru za azungu zofuna kutichepetsa. Nkhani imeneyi sinkakambidwa poyera, monganso nkhani zina zambiri. Munthu ankayamba wayang'ana kumanzere ndi kumanja asanatsegule pakamwa, ngakhale ali m'nyumba mwake.

Umu ndi mmene dengu linayambira. Mwezi ukatha, Loweruka m'mawa, amayi ankasankha nkhwani wabwino koposa, tomato pang'ono ndi nsinjiro, n'kundisenzetsa. Tinkawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, kukwera basi mpaka ku City Centre, kumene nyumba zitalizitali za mabanki ndi maofesi zinali zikumangidwa pakati pa tchire, kenako n'kuyenda pansi mpaka ku Area 10. Kumeneko kunali dziko lina. Misewu inali zii, mipanda ya maluwa yometedwa bwino, agalu aakulu ngati ana a ng'ombe akuuwa kuseri kwa mageti. Wina aliyense akationa ankangoona mayi wogulitsa masamba ndi mwana wake, ndipo oterowo anali ambiri. Tikafika, akazi a adokotala ankalandira dengu n'kulowa nalo kukhitchini. Likamatuluka linkakhala ndi masamba ochepa otsala, ndipo pansi pake pankakhala kapepala kasiliva ka timapiritsi, kokulungidwa m'nsanza.

Adokotala akakhalapo ankatuluka atavala kabudula ndi nkhwaira, manja ali dothi chifukwa ankakonda kulima okha kadimba kawo. Ankawayeza amayi pakhonde pomwepo, kuwatsegula chikope kuona magazi, n'kuseka. "Nambewe, mwayamba kunenepa! A Mwale akulitsenso madiresi." Ine ankanditcha kuti adona a dengu. Tsiku lina ndinawafunsa, mwa chibwana changa, kuti bwanji munthu wamwamuna anasankha ntchito ya azamba. Amayi ananditsina, koma iwo anayankha. Anati amayi awo anamwalira pangolo, panjira yopita kuchipatala, mwana atapingasa m'mimba. Iwo anali kamnyamata koyenda kutsogolo kwa ng'ombe. "Ng'ombe zinatopa pamtsinje," anatero, "ndipo ine ndinkazimenya ndikulira. Kuyambira tsiku limenelo ndimaona ngati ndikuthamangitsabe ng'ombe zomwe zija." Anachotsa magalasi n'kuwapukuta ndi malaya, kenako anatipatsa mapapaya awiri.

Chaka chimenecho amayi anga anauka ngati munda umene walandira mvula yoyamba. Anayambanso kuyimba posamba. Anayambanso kuseka ndi Abiti Saidi pampopi mpaka madzi kusefukira m'ndowa. Mapiritsiwo ankawabisa m'kathumba ka nsalu kamene bambo anasokera Baibulo lawo, m'kati mwa chikuto, ndipo ankamwa limodzi m'mawa uliwonse asanawerenge Mawu. Abiti Saidi anawaona tsiku lina akumwa. Sanafunse kanthu. Anangoti, "Mnzanga, Mulungu amapereka matenda, amaperekanso mankhwala," n'kupitiriza kutsuka mbale.

Kenako ndinatha msinkhu, ndipo mwa mwambo wa mpingo wathu ananditengera ku chilangizo. Wondilangiza anali a Nankhoma. Anandikhazika pamkeka m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi, miyendo yotambasula, maso pansi, n'kundiuza zonse zimene mtsikana ayenera kudziwa. Zambiri ndinaziiwala, koma chimodzi anachibwereza mpaka chinakhazikika. "Enelesi, mwana wanga, ulemu wa mkazi ndi chifuwa. Za amayi zimathera kwa amayi. Zimene udzamve pabwalo lathu la Lachinayi, ngakhale mwamuna wako wogona naye mphasa imodzi asadzazimve. Wamva?" Ndinawomba m'manja mwaulemu, ndinati ndamva.

Lachinayi lotsatira ananditengera ku msonkhano wa amayi kuti andionetse monga namwali watsopano. Zitseko zinatsekedwa monga mwa nthawi zonse, ana anathamangitsidwa pamawindo. Unali mwambo kuti pamapeto pa msonkhano aliyense amene Mulungu wamuchitira chinthu aimirire apereke umboni. Kumeneko amayi ankaulula zimene sakanaulula kwina kulikonse: mwamuna womenya, mwana wakuba, nthenda yobisika. Anzawo ankamuzungulira, kumusanjika manja, ndipo nkhani inkathera pomwepo. M'dziko limene munthu sankakhulupirira ngakhale mbale wake, chipinda chimenecho chinali malo okhawo opumirako.

Amayi anga anaimirira. Nkhope yawo inkawala. Anati chaka chatha sankadziwa ngati adzaona mwana wawo wamkazi akukula, koma lero ndi uyu. Anathokoza Mulungu, anathokoza a Nankhoma amene anagona pansi pa bedi lawo. Kenako, mtima utadzaza, anapitirira. Anati Ambuye anawatumizira mngelo wovala magalasi, ndipo anafotokoza za dengu, za nkhwani, za timapiritsi. Anakweza Baibulo lawo n'kugwira pachikuto, akuseka ndi misozi. "Moyo wanga uli muno kawiri," anatero. "M'Mawu ndi m'kathumba."

Amayi ena anaseka, ena anati ameni, ena anangoweramitsa mitu. A Nankhoma ndi amene anayambitsa nyimbo yothokoza. Anawakumbatira amayi anga, ndipo ine ndinaona ndi maso anga akuwapukuta misozi ndi nsonga ya mpango wawo.

Sipanapite nthawi yaitali. Linali tsiku la pakati pa sabata, masana, nditangobwera kusukulu. Amayi anali atabwerako kumsika ndipo ankachapa pampopi. Ndinamva nyundo ya amuna a Abiti Saidi yasiya kulira, ndipo nditatukula mutu ndinaona achinyamata a chipani a malaya ofiira akulowa pampanda, atanyamula ndodo. Patsogolo pawo panali a Nankhoma. Sanavale bulauzi yoyera ya kumpingo. Anavala nsalu ya chipani kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Odi kuno, a Nambewe," anatero, ngati abwera kudzacheza.

"Lowani, amayi. Kwagwanji?"

A Nankhoma analowa m'nyumba mwathu osavula nsapato. Sanafufuze pansi pa mphasa, sanatsegule sutikesi, sanagwire chitini cha mchere. Anapita molunjika pawindo pamene pankakhala Baibulo, analitenga, anatuluka nalo panja, n'kupisa zala m'chikuto. Kapepala kasiliva kanang'anima padzuwa. Anatulutsa timapiritsi kamodzikamodzi n'kumatigwetsa pansi, ndipo mnyamata wina, amene bambo anamusokerapo yunifolomu ya sukulu, anatipondaponda ndi jombo mpaka tinasakanikirana ndi matope a pampopi.

"Amene akukupatsani poizoni ameneyu tikumudziwa," anatero mnyamatayo. "Akuti Amalume? Mbumba ya dziko lino mwini wake ndi mmodzi."

Amayi anali ataima, thovu la sopo likudontha m'manja. Sanayang'ane anyamatawo. Anayang'ana a Nankhoma okha. "Amayi," anatero ndi mawu aang'ono, "si pa Lachinayi paja ndinanena?"

"Ndakupulumutsani, Nambewe. Mukanatayika. Mudzandithokoza tsiku lina."

Anaika Baibulo pamwala wochapira, pamadzi, n'kutuluka. Ndinalitola ine. Masamba ake ena anamatana ndipo sanamatukenso bwino. Ndili nalo mpaka lero.

Abiti Saidi ndi amene anayamba kusuntha. Anawagwira amayi pamkono n'kuwakhazika pansi. "Ine ndakhala ndikudziwa chaka chonse," anatero mokwiya, "ndipo amuna anga amene ali apowa akumva lero. Anthu a pemphero limodzi kuchitana chonchi?" Ndinachita manyazi chifukwa cha mpingo wanga, manyazi amene sanandichokebe.

Loweruka lake amayi anati tipite ku Area 10, mwina tikawachenjeze. Tinasenza dengu monga kale. Tinapeza geti lili pululu, agalu kulibe, makatani atachotsedwa. Kadimba kaja kanali katayamba kufota. Bambo wosamalira maluwa kunyumba yoyandikana nayo anatiyandikira akunamizira kudula mpanda, ndipo osatiyang'ana anati, "Anabwera ndi galimoto kuntchito kwawo, anawatenga ali ndi chovala choyera. Adona apita kwawo ndi ana. Musaimenso pano, mayi." Tinabwerera ndi nkhwani wathu. Tinatsika basi. Titafika pamlatho amayi anatsitsa dengu pamutu panga n'kukhuthulira masamba onse mumtsinje.

Ine ndinkayembekeza kuti mpingo uchitapo kanthu. Ndinkadziwa nkhani ya m'Malemba ya azamba aja amene mfumu inawalamula zoipa, iwo n'kuopa Mulungu koposa mfumu, ndipo ndinkati abusa aitchula Lamulungu likubwerali. Sanaitchule. Dzina la adokotala, amene anabadwitsa ana a theka la anthu okhala m'mabenchi amenewo, silinamveke ngakhale m'pemphero la odwala ndi am'ndende. M'malo mwake akulu ampingo anaitana amayi kubwalo lawo n'kuwaimitsa kudya Mgonero, ati chifukwa chokana mphatso ya Mulungu. A Nankhoma sanafunsidwe kanthu za chitseko cha Lachinayi. Mwezi womwewo anasankhidwa kukhala wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu, ndipo mwana wawo wamwamuna, amene anakhala nthawi yaitali akuyendayenda, anapeza ntchito ya umesenjala ku City Centre. Sindinganene kuti anagulitsa amayi anga pofuna zimenezi. Mwina ankakhulupiriradi kuti akuchita chifuniro cha Mulungu. Mtima wa munthu amaudziwa ndi Mlengi. Ine ndikungonena zimene zinatsatana.

Bambo anga sanali munthu woipa. Mawu a nsalu yong'ambika anawamva, ndipo anayesetsa. Anasamutsa mphasa yawo n'kumagona ndi alongo anga kuchipinda chochezera. Koma m'nyumba za kuseri kwa masitolo mulibe chinsinsi, ndipo nkhani inafika kwa akulu ampingo. Anatumiza anthu awiri kudzalangiza banja: mkulu mmodzi kwa bambo, ndi mlangizi kwa amayi. Mlangiziyo anali a Nankhoma. Anakhala pamkeka wathu, anamwa tiyi wathu, anatsegula Malemba n'kuwauza amayi kuti mkazi sakaniza mwamuna wake, kuti chikhulupiriro chimaposa mawu a dokotala, ndiponso kuti akafuna kubwerera ku gome la Ambuye akonze kaye nyumba yawo. Amayi anga ankalakalaka Mgonero monga munthu wa ludzu alakalaka madzi. Lamulungu la Mgonero ankakhala kumbuyo akulira mwakachetechete, anzawo akupita kutsogolo.

Mphasa ya bambo inabwerera kuchipinda. Amayi anabwezeretsedwa mumpingo, ndipo amayi a Lachinayi analulutira. Mvula isanagwe kawiri, anali oyembekezera.

Miyezi imeneyo anandiphunzitsa zinthu mofulumira, ngati munthu amene basi yake yaliza kale hutala. Anandionetsa kosankha tomato kwa alimi obwera m'mawa, mmene ndingasambitsire khanda, mmene bambo amakondera tiyi wawo. Tsiku lina tikusadzula nkhwani anati, "Enelesi, usadzadane ndi Mulungu chifukwa cha anthu ake." Ndinawafunsa chifukwa chimene akunenera zimenezo. Anati, "Ndangonena."

Anachira mwana wamwamuna, wamoyo, wonenepa bwino. Magazi sanaleke. Anamwino anathamanga, anachita zonse zimene akanatha, ndipo mmodzi wa iwo, mayi wachikulire, ndinamumva akunena yekha m'khonde kuti, "Akanakhalapo Amalume." Amayi anamwalira dzuwa likupendeka, tsiku lomwelo. Mwanayo bambo anamutcha Chikumbutso.

Mwa mwambo wa mpingo wathu, mayi wa mumpingo akamwalira, amayi anzake ndi amene amasambitsa thupi ndi kuliveka yunifolomu, ndipo wotsogolera amakhala mlangizi. M'mawa wa tsiku la maliro ndinaona a Nankhoma akubwera ndi beseni, sopo ndi nsalu yoyera, atavala bulauzi yawo yowala, akuyimba. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ine amene anandiphunzitsa kugwada poyankhula ndi akulu, ndinaima pakhomo la chipinda n'kutambasula manja.

"Manja amenewo ayi," ndinatero.

Nyimbo inaduka. "Enelesi, mwana wanga, chisoni chakusokoneza. Patuka."

"Munandiuza kuti za amayi zimathera kwa amayi. Munandiuza ndinu. Manja amenewo sakhudza amayi anga."

Amayi ena anayamba kung'ung'udza kuti mwanayu walaula, wina anandikoka chitenje. Ndinayang'ana kwa bambo, amene anali atakhala panja ndi amuna anzawo. Anaweramitsa mutu. Amene anabwera kudzaima pambali panga anali Abiti Saidi, ali ndi Chikumbutso kumsana, chifukwa ndi iwo amene anamutenga usiku woyamba n'kumuyamwitsa pamodzi ndi khanda lawo. Sanayankhule mokweza. Anangoti, "Mwana wanena. Mulipo ambiri, asambitse wina." Mayi wina wokalamba wa mumpingo anatenga beseni m'manja mwa a Nankhoma n'kulowa. A Nankhoma anabwerera panja, ndipo patapita kanthawi ndinawamva akutsogoleranso nyimbo, mawu awo okoma aja osanjenjemera n'komwe.

Sukulu ndinasiyira pomwepo. Ndinatenga benchi la amayi mumsika, ndinalera Chikumbutso ndi alongo anga.

Zaka zitapita, mphepo inatembenuka, chipani chomwecho chikulamulabe. Boma linalola kulera, linati ndi kupereka mpata pakati pa ana, ndipo linati ndi nzeru imene makolo athu anali nayo kuyambira kale. Adokotala aja anali atatulutsidwa m'ndende, ndipo popeza odziwa ntchitoyo anali ochepa, anawaitananso kuti aitsogolere. Palibe amene anawapepesa poyera. Tsiku lina ndili pabenchi langa ndinamva gulu la amayi likuyimba za ubwino wolera, likuyenda khomo ndi khomo. Wotsogolera nyimbo ndinamuzindikira ndisanamuone. A Nankhoma anaima patsogolo pa tomato wanga, atanyamula chithunzi cha banja la ana atatu osangalala, n'kunena kuti, "Enelesi, ukadzakwatiwa udzabwere, ndidzakulangize za mapiritsi. Amapulumutsa moyo." Anayankhula akumwetulira, ngati munthu amene sakukumbukira chilichonse. Ndinangoweramira tomato wanga. Ndinkaopa chimene chikanatuluka m'kamwa mwanga.

Adokotala ndinakumana nawonso pamene ndinkayembekezera mwana wanga woyamba. Tsitsi linali litayera, ankatsimphina pang'ono, koma anakoka kampando monga kale. Kumbuyo kwawo kunali gulu la ophunzira, atsikana ambiri, atanyamula makope. Atandifunsa za kwathu ndinati, "Ndine adona a dengu."

Anandiyang'anitsitsa. "Mwana wa Nambewe! Wa nkhwani uja! Ali bwanji mayi?"

Ndinawauza. Anachotsa magalasi, koma ulendo uno sanawapukute. Anangowagwira m'manja nthawi yaitali, ophunzira aja akuyang'anana.

"Kumene ndinali kuja," anatero, "ndinkawatchula mayina m'pemphero, amayi onse a madengu. Ndinkadziwa kuti ena sindidzawapeza." Kenako anatembenukira kwa ophunzirawo. "Mayi ake a mtsikana uyu sanaphedwe ndi nthenda yosadziwika. Mankhwala analipo. Muzikumbukira zimenezi wina akadzakuuzani kuti mutseke pakamwa."

Ndinawafunsa ngati akudziwa amene anawapereka. Anati anauzidwa. Ndinawafunsa ngati anakhululuka. Anaseka pang'ono. "Mwana wake wamkazi ndinamuchita opaleshoni chaka chatha. Ali bwino, mwana alinso bwino. Kaya kumeneko ndi kukhululuka, kaya ndi ntchito chabe, Ambuye ndi amene akudziwa. Gonani apa ndikuyezeni."

Anandibadwitsira ana anga atatu, ndipo atatha wachitatu anandiuza kuti ndipume, ndinapuma. Atamwalira, tchalitchi chinadzaza mpaka panja. Oyankhula anatchula azamba ndi madokotala amene iwo anawaphunzitsa, mawodi amene anatsegula, amayi osawerengeka amene ali moyo chifukwa cha iwo. Zonsezo n'zoona. Koma palibe amene anatchula zaka zimene anasowa, kapena chifukwa chake, kapena amayi amene anapita m'zaka zimenezo. Ena mwa okhala kutsogolo anali anthu omwe aja amene anatseka pakamwa nthawi ija. Chikumbutso, amene tsopano ndi bambo wa ana ake, anali pambali panga. Anandifunsa chifukwa chimene ndikulirira kwambiri munthu amene si mbale wathu. Ndinamuuza kuti anali malume athu.

Mulungu sindinadane naye. Amayi anandichenjeza nthawi ilipo. Ndikadali mumpingo womwewo, ndipo tsopano mlangizi ndine. Koma ndinaphunzira ndili wamng'ono kuti mdani wa kunja amangokuopseza, pomwe wokupereka amakhala amene mumasunsa naye m'mbale imodzi, monga zinawachitikira Ambuye athu. Ndinaphunziranso kuti munthu angathe kukusambitsa uli wodwala ndi manja omwewo amene adzaloze pobisika pako, ndipo iye osaona kusiyana. A Nankhoma anamwalira ali okalamba, osapepesa. Pemphero la Ambuye ndimalinena tsiku lililonse, ndipo ndikafika pa mawu okhululukira otilakwira, lilime limalemerabe. Ndimawanena choncho, molemera, ndikudalira kuti Iye amalandira ngakhale nsembe yotsimphina.

Lachinayi lililonse, mayi akaimirira kuti apereke umboni, ine ndimayamba ndanyamuka kukatseka chitseko ndekha. Ndikatero ndimaika patebulo Baibulo la masamba omatana lija, kathumba kake kali pululu, n'kuwauza amayi kuti, "Mwini wake wa buku ili anayankhula m'chipinda chino, akutikhulupirira. Ali kumanda. Amene chifuwa chake n'chobooka atuluke tsopano, sitimufunsa chifukwa."

Ndimadikira pang'ono. Kenako ndimauza mayi uja kuti ayankhule.